Tenti ya Pamaliro ndi Masheya a Atate Ako

Taonga mwana wanga,

Foni ija inalira ndili m'tauni, nditangotsika basi ya ku Chelstone, ndikufunafuna yopita kuchipatala. Dzanja lina linali ndi fulasiki ya phala, linalo malaya ochapa a atate ako. Namwino anangoti, "Amai, bwelani, koma musathamange." Mawu akuti musathamangewo ndi amene anandiuza zonse. Ndinakhala pansi pomwepo m'mbali mwa msewu, makondakitala akukuwa mbali zonse. Mayi wina wogulitsa nthochi anandiyang'ana, n'kuvula chitenje chake chapamwamba, n'kundifunditsa osandifunsa kanthu. Phala lija ndinamusiyira iyeyo. Sindinamuonenso, ndipo chitenje chake chikadali m'kabati mwanga.

Dothi la pamanda silinakhazikike, ndipo iwe mawa ukunyamuka kupita ku Holland kukaphunzira za madzi. Atate ako anaumva uthenga wa malo akowo ali pabedi la kuchipatala, ndipo anauza wodi yonse, ngakhale amene sanafunse. Panopa uli ku Kabwata kulukitsa tsitsi loti likakhalitse, popeza wamva kuti kumeneko oluka ndi odula. Ine ndakhala pakhonde dzuwa likadalipo. Za majuzi, za tchalitchi ndi za anyamata tinakambirana kale, ndipo sindikukukayikira. Yatsala ndi nkhani imene inatisiyanitsa Lamlungu. Pakamwa ndimalephera kuimaliza chifukwa misozi imanditsogolera, koma papepala ndili ndi mphamvu.

Atate ako atayamba kudwala anasamutsira m'dzina lako masheya awo a banki imene anagwirako ntchito mpaka kupuma. Tsopano bankiyo yalengeza kuti ikufuna ndalama zina kwa eni masheya, aliyense agule masheya atsopano pamtengo wotsikirapo. Tsiku lomaliza kuyankha lidzakupeza uli kutali. Ukhoza kuwonjezera, ukhoza kungokhala ndi amene uli nawo, ukhozanso kugulitsako ena. Iwe unati uwonjezera, ndipo utenga ndalama zimene atate ako anakusungira zoyambira moyo kumeneko, zoti zikakugwire ukadwala kapena ndalama za sukulu zikachedwa. Nditafunsa chifukwa chake unati, "Amami, munaona nokha mmene banki ija inawalirira adadi. Kuikana tsopano kuli ngati kuwakana iwowo."

Sindikukuletsa kugula, mwana wanga. Mwina bankiyo ndi yabwinodi. Chimene ndikukana ndi chifukwa chakocho.

Ndiyambe ndi tenti, popeza nanenso inandisocheretsa. Ukukumbukira mmene inafikira lole ndi tenti yaikulu yoyera ndi mipando, kenako mabasi otengera anthu kumanda, ndi nkhata ya maluwa yomangidwa ndi riboni ya mtundu wa banki ija. Atate ako aang'ono, Ba Mulenga, anaizungulira tentiyo akugwiragwira zingwe ngati anaisoka ndi iwo. Kenako analowa m'nyumba mmene ndinakhala pamatiresi ndi amayi a mpingo, nagwada pafupi nane. "Mulamu, mwaona? Iyi ndiye banki. Yamulemekeza mukulu wanga monga minisita. Uyu mwana asagulise olo sheya imozi, afunika awonjezele chabe." Iwe unali pakhomo ndi beseni la mbale, ndipo ndinaona kuti wamva. Nanenso ndinavomera ndi mutu.

Titasiyana maganizo Lamlungu, ndinaganiza kuti ngati bankiyo inatichitira zazikulu chotero, ndiyenera kukathokoza ndekha. Ndinavala zakuda zanga n'kupita ku nthambi ya pa Cairo Road. Anandilowetsa kwa manijala, munthu waulemu kwambiri, amene anandipatsa madzi n'kundipepesa bwino. Koma dzina la atate ako analifunsa kawiri. Ataimba foni kwina, anandiuza mosabisa kuti banki sinatumize kanthu, chifukwa amene anapuma ntchito kalekale sakhala m'dongosolo lake la maliro. Tenti, mipando ndi mabasi zinachokera ku kagulu ka opuma ntchito, madala aja amakhala masana pansi pa mtengo wa mango ku Kabwata. Amasonkha mwezi ndi mwezi kuti aziikana okhaokha, ndipo atate ako ankasonkha nawo. Riboni anagula ya mtundu umenewo chifukwa ndi umene maso awo anazolowera. Kuchoka m'tauni ndinapita kwa iwo. Ndinawapeza akusewera nsolo, ndipo nditafotokoza kumene ndachokera, Ba Sakala, amene ankakhala ofesi imodzi ndi atate ako, anaseka mpaka kutsokomola. "Amai, banki siilila munthu. Tinalila ndise." Ndinafuna kukuuza madzulo omwewo, koma m'nyumba munadzaza anzako a ku Woodlands odzatsanzikana. Sindikuinyoza banki. Sinalakwe kanthu, ntchito yake si maliro. Koma zikomo wako apite kwa madala aja. Ukafika uwatumizire chithunzi uli m'chipale chofewa, adzachionetsa Kabwata yonse. Masheya asankhidwe pa zifukwa zina, ndipo zifukwazo ndinaziphunzira mwa kupunthwa.

Ulendo woyamba umene atate ako ananditengera ku msonkhano wapachaka wa eni masheya, ndinapita ngati wopita ku ukwati. Unachitikira mu hotela, kunali tiyi ndi masamusa, ndipo aliyense anapatsidwa ambulera, yomwe ija imakhala kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. Wapampando atalengeza kuti phindu laposa la chaka chatha, ndinawomba m'manja mpaka zikhatho kutentha. Atate ako anangondiweramira n'kunong'oneza kuti, "Nanga ba neba?" Titafika kunyumba anayala malipoti a mabanki ena pathebulo lodyera, pafupi ndi la banki yathu. Chaka chimenecho boma linabwereka kwambiri pa chiwongola dzanja chokwera, ndipo banki iliyonse inapindula. Yathuyo ndi imene inapindula pang'ono kuposa zonse. Ine amene ndinakhala zaka zambiri mu laibulale ya sukulu ndinkadziwa bwino kuti mwana akabwera akusangalala kuti malikisi ake akwera, umayamba wafunsa mmene kalasi yonse yakhozera, chifukwa mwina mayeso ndiwo anali ophweka. Koma pa banki ndinaiwala. Banki usaiyerekeze ndi dzulo lake lokha, Taonga. Uiimike pafupi ndi anzake, pa chaka chimodzimodzi, ufunse funso la atate ako.

Nditapuma ntchito ndinafuna masheya angaanga, osankha ndekha. Ndinatsegula nyuzipepala pa tsamba la mitengo n'kusankha banki yaing'ono imene sheya yake inali yotsika mtengo kuposa zonse. Ndinabwera kunyumba ndikunyadira kuchuluka kwa masheya amene ndapeza ndi ndalama zochepa. Atate ako sanandiseke, ndipo ndimawakondabe chifukwa cha zimenezo. Anangondifunsa ngati ku msika wa Soweto ndimagula mulu wa tomato chifukwa cha mtengo wokha, osaona kukula kwa mulu ndi zimene zili pansi pake. Mtengo wa sheya imodzi pawokha sunena kanthu. Uugawe ndi phindu limene sheya imodziyo yapanga pachaka, ndipo chimene chatuluka chikuuza pafupifupi zaka zimene ungadikire kuti phindu lifanane ndi zimene unalipira. Uchite chimodzimodzi kwa aneba. Kenako uyerekeze mtengowo ndi chuma chenicheni cha banki, ndiko kuti chimene chingatsale itabweza zonse za anthu amene anasungitsa ndi amene anaibwereketsa. Uonenso phindu limene banki iliyonse imatulutsa pa chuma chakecho, chifukwa yaikulu ikhoza kukhala yaulesi. Ukapeza yotsika mtengo kuposa anzake, usathamange kusangalala. Ufunse chimene ena aona chimene iwe sunaone.

Pa banki yangayo chimene sindinaone chinali kumasamba akumapeto. Lipoti la banki ndinkaliwerenga monga ndimawerengera mabuku anga, kuyambira kutsogolo, kumene kuli zithunzi za akuluakulu akumwetulira ndi ana a sukulu akulandira madesiki. Atate ako ankayambira kumbuyo, kwa zilembo zing'onozing'ono, atavula magalasi n'kuyandikiza pepala kumphuno. Kumeneko n'kumene banki imanena anthu amene yawabwereketsa ndi kuchuluka kwa ngongole zimene zasiya kubwezedwa. Yangayo inali itabwereketsa gawo lalikulu kwa anthu ochepa, a mipanda yaitali ya ku Kabulonga, ndi kwa fakitale ina ya ku Heavy Industrial Area imene chumuni chake chinasiya kufuka utsi. Mmodzi wa iwo akagwa, banki yonse imatsimphina. Banki imene yagawa ngongole zake kwa anthu ambiri a ntchito zosiyanasiyana, alimi, amalonda, a migodi, olandira malipiro a pamwezi, imapirira chaka choipa. Ndiye ukalandira malipoti uyambire kumbuyo. Uone ngati ngongole zoipa zikukwera kapena zikutsika, uone ngati banki yapatula ndalama zokwanira zozikwirira, kenako ufunse kuti nanga ba neba.

Za mabuthi ndiye ndinaseka kwambiri, ndipo ndinalakwa kwambiri. Timabuthi tija ta ndalama za pafoni titayamba kumera m'mbali mwa msewu wa ku Chelstone, ndinati n'zoseweretsa, palibe munthu wanzeru angasiye nyumba ya magalasi ndi mlonda pakhomo n'kukapereka ndalama zake pa kazenera ka malata. Ine chizindikiro changa cha banki yamphamvu chinali mzere wautali wa kumapeto kwa mwezi. Atate ako anati mzere wautali nthawi zina umangotanthauza kuti makina akuchedwa. Loweruka lina ananditengera kumsika, osati kukagula kanthu, koma kukaona mmene amayi a nsomba ndi a salaula, zovala zakaunjika zija, amalandirira ndalama. Ambiri anali pafoni. Ndalama zawo za tsiku ndi tsiku, zimene banki inkazisunga osalipirapo kanthu kwenikweni n'kumazibwereketsa pa chiwongola dzanja chabwino, zinali zitayamba kudutsa njira ina. Banki imakhala bwino ikamapeza ndalama zotsika mtengo kwa anthu wamba ambiri. Ikayamba kunyengerera olemera ochepa ndi chiwongola dzanja chokwera kuti asungitse kwa iyo, phindu lake limaonda. Choncho aneba a banki si mabanki okha. Ndi mabuthi, ndi makampani a mafoni, ndi magulu a chilimba osonkherana ndalama mosinthana, ndi timakampani tija timabwereketsa aphunzitsi ndi anamwino. Uone banki imene yagwirana manja ndi mafoni ndi imene ikudikirabe anthu pakhomo. Uonenso zimene iliyonse imawononga pa nyumba ndi malipiro kuti ipeze kwacha imodzi ya phindu. Iwe izi uzimvetsa msanga kuposa ine, chifukwa m'banki unalowamo liti komaliza?

Nkhani iyi ndiyo ikundiwawa kulemba, chifukwa ndi yachaka chino. Madokotala atanena za mankhwala ena amene chipatala chinalibe, ndinaimbira Mayi Zulu, buloka wathu, amene amatigulira ndi kutigulitsira pa msika wa masheya. Ndinati agulitse masheya anga a banki yaing'ono ija mwamsanga. Anandiyankha mofatsa kuti awaika pamsika, koma wogula sakuoneka. Ndinkaimba m'mawa uliwonse ndili pakhonde la wodi, yankho lomwelo. Papepala ndinali ndi chuma, m'manja ndinalibe kanthu. Usadandaule, mankhwala anapezeka, ndipo si kusowa kwake kumene kunatenga atate ako. Amene anabweretsa ndalama za mankhwalawo ndi Ba Mulenga, anakwera basi kuchokera ku Kitwe osapemphedwa ndi munthu, nazisiya pansi pa pilo ya mkulu wawo akunamizira kukonza bulangete. N'chifukwa chake sindifuna uwayankhe mwachipongwe akakuimbira za masheya. Mtima wawo ndi wabwino kwambiri, kungoti lipoti la banki sanalitsegulepo. Uwamvere mwaulemu, uwathokoze, kenako ukawerenge. Ndipo pakati pa mafunso ako ufunse Mayi Zulu kuti masheya a banki iliyonse amagulidwa kangati pa sabata. Msika wathu ndi waung'ono, masheya ena amagona nthawi yaitali osakhudzidwa. Ndalama zoti zikakugwire ukadwala m'dziko la eni usaziike pamalo pamene sungazitulutse tsiku limene wazifuna. Pa mfundo iyi yokha ndikulankhula motsimikiza ngati mayi ako. Zina zonse ndi zako kusankha.

Kumbukiranso kuti kuyambira mawa uzigula buledi ndi ndalama za kumeneko, pamene masheyawa amabala makwacha. Phindu logawidwa kwa eni masheya likhoza kukwera papepala, koma kwacha ikafooka ndi mitengo ya zinthu ikakwera, chofika m'manja mwako n'chochepa. Uyerekeze phindu limenelo ndi la aneba, uone ngati amagawa chaka ndi chaka kapena amalumpha zaka zina. Uliyerekezenso ndi chimene boma limapereka kwa ogula mabondi ake, mapepala aja limabwerekera ndalama kwa anthu, chifukwa nalonso ndi neba, limapikisana ndi banki pofuna ndalama zako zomwezo. Nalo lili ndi zoopsa zake, monga tonse tinaonera litavutika kubweza ngongole zake, koma ngati banki ikukulonjeza zochepa kuposa mabondi, iyenera kukuonetsa chifukwa chomveka choidikirira.

Tsopano ndikuuze za tayi. Iwe unali ku sukulu yogonera komweko, ndiye sunaone. Patapita nthawi atapuma ntchito, atate ako anakhala masabata angapo ndi malipoti pathebulo, mpaka tinkadyera pamiyendo. M'mawa wina anavala suti ndi tayi ya banki yawo, ija ya mizere, n'kupita kwa Mayi Zulu. Anagulitsa theka la masheya a banki yawoyo n'kugula a banki ya tsidya lina la msewu, imene kwa zaka zonse ankapikisana nayo ndi kuinena pa chakudya chamadzulo. Amene anakwiya ndine. Ndinati n'kusayamika, banki imene inatipatsa ngongole ya nyumba ino, imene inawaphunzitsa ntchito ali mnyamata wochokera ku Kasama ndi sutikesi ya malata. Ndinawafunsanso ngati analibe manyazi kupita atavala tayi imeneyo. Anamasula tayiyo pang'onopang'ono, naipachika pa mpando, n'kunena kuti, "Nasebenzela banki ija na mutima onse, yanilipila, tinamalizana bwino. Manje izi ndalama ni za Taonga. Sizifunika kukonda munthu, zifunika kumuphunzisa mwana." Ndinawakwiyirabe masiku angapo, iwo akundiphikira tiyi ngati palibe chachitika. Masheya a tsidya linawo ndi amene analipira yunivesite yako mpaka kumaliza, tinkagulitsa pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Digiri imene yakutsegulira njira ya ku Holland inalipiridwa ndi ba neba. Theka linalo analisunga, osati chifukwa cha chikondi, koma chifukwa chaka chilichonse ankaliimika pafupi ndi anzake n'kuona kuti likuyenerabe kukhala. Chaka chino sanathe kutero. Ntchitoyo yagwera iwe.

Ukakhazikika, usadikire sabata yomaliza. Ulembere Mayi Zulu akutumizire chikalata cholengeza masheya atsopanowo, pamodzi ndi malipoti a bankiyo ndi a anzake. Funso lalikulu n'lakuti ndalama zimene ikupemphazo ikufuna kuchita nazo chiyani. Banki ina imapempha chifukwa yaona malo okulira ndipo ikufuna mphamvu zobwereketsa zambiri. Ina imapempha chifukwa ngongole zoipa zaboola pansi ndipo ikufuna kutseka dzenje. Ina imangokwaniritsa lamulo la oyang'anira mabanki. Onse atatu amalemba mawu okoma ofanana pa tsamba loyamba, kusiyana kwake kuli kumbuyo. Uone ngati aneba nawonso akupempha, kapena ndi yokhayi. Udziwenso kuti ukapanda kuwonjezera, gawo lako m'bankimo lichepa pang'ono, ndipo ufunse ngati mwayi wako wogulawo ungagulitsidwe kwa wina. Ukaona kuti ndi yabwino kuposa anzake pamtengo umenewo, gula ndi ndalama zimene ungapirire kuziiwala zaka zingapo, ngakhale zikhale zochepa. Ukaona kuti aneba ali bwino, samuka mtima uli m'malo. Ukaona kuti sukumvetsa, khala ndi amene uli nawo mpaka umvetse, kudikira si mlandu. Ine sindikusankhira, ngakhale utandipempha. Munthu ngati iwe amene amatha kuyang'ana mapaipi a tauni yonse n'kunena pamene madzi akuthawira sangalephere masamba akumbuyo a lipoti la banki. Ndakuona ukuwerenga kuyambira uli wamng'ono pansi pa thebulo la mu laibulale, sudumpha mzere.

Ndikudziwa chimene ukuopa, chifukwa nanenso ndikuchiopa. Ukuopa kuti chilichonse cha atate ako chimene chichoka m'manja mwako chikuwachotsanso iwo pang'ono. Ine sindinathebe kusuntha nsapato zawo pakhomo la kuchipinda, ndimazilambalala posesa. Koma atate ako sali m'masheya aja, mwana wanga. Akanakhala pano n'kumva kuti ukufuna kuika ndalama zako zodzitetezera m'banki chifukwa cha tenti, akanavula magalasi, n'kukuyang'ana monga ankachitira, n'kufunsa funso lawo lija. Ngati ukufuna chinthu chawo choti usadzagulitse mpaka kalekale, ndakuikira tayi ya mizere ija m'thumba la m'kati la sutikesi yako, pansi pa majuzi. Imeneyo ilibe neba woiyerekeza naye.

Dzuwa lafika pa mpanda, ndipo posachedwa ubwera ukudandaula kuti akukoka tsitsi kwambiri. Ndipinda mapepalawa ndiwaike pamodzi ndi tayi, uwawerenge ukafika.

Kuno kwatsala ine, mpando wa atate ako pakhonde, nsapato zawo pakhomo, ambulera ija kuseri kwa chitseko, ndi chitenje cha mayi wa nthochi chimene ndidzapitabe m'tauni kukamufunafuna kuti ndimubwezere. Kwa iwe kwatsala masheya a m'dzina lako, ndalama zako zoyambira zimene sizinakhudzidwe, ndi funso la atate ako.

Ndine mayi ako.